Amama ndi Zakuda Zawo

Ndinafika kwathu Loweruka masana, pa tchuthi chija cha masiku anayi chimene chimagwa kumayambiriro kwa Julaye, mphepo ikuchita kuluma makutu. Ndinachokera ku migodi ya ku Solwezi kumene ndimagwira ntchito, ndipo minibasi ya ku Kasisi inanditula pamsewu ndili mbuu ndi fumbi. Zaka ziwiri zinali zitatha ndisanapondeko. Ulendo wotsiriza ndinabwerera maliro a atate, ndipo kuchokera pamenepo ndinkangoimba foni, kufunsa za dimba ndi za miyendo, amama n'kumayankha kuti zonse zili bwino.

Kanjira kopita kunyumba ndinatsala pang'ono kukasokera. Kumene tinkathyola masuku tili ana kunali mipanda ya mabuloko, ina yopanda ndi nyumba yomwe mkati, mpanda chabe ndi geti lachitsulo. Tauni ya Lusaka inali ikukwawira kwathu pang'onopang'ono. Pathu pokha ndi pamene panali monga kale: nyumba ya malata, mitengo inayi ya mango, chitsime, ndi dimba kumunsi kwake. Atate anachoka ku Katete ali mnyamata kudzagwira ntchito pa famu ya mishoni. Malo awa anawapatsa eni dziko, Asoli, pakamwa chabe popanda pepala. Atamanga kanyumba anabwerera kumudzi kukatenga amama, amene panthawiyo anali asanakwanitse ndi zaka makumi awiri zomwe.

Ndinawapeza ku dimba akuthirira repu. Anali atavala zakuda kuyambira kumutu mpaka kumapazi: duku, bulauzi, chitenje, ndi juzi imene dzuwa linaisandutsa yotuwa m'mapewa. Ndinaima ndi chola changa m'manja, moni ndinaiwala.

“Amama, mukali mu zakuda?”

“Ika chola pansi uyambe wanipatsa moni,” anatero amama. “Wayenda bwanji?”

Kwathu mkazi akafedwa mwamuna amavala zakuda chaka chimodzi. Chaka chikatha abale a mwamuna amabwera, amamukhazika pamphasa, mlongo wa malemu n'kumuvula duku ndi manja ake, kumupaka ufa pamphumi ndi kumumanga mkanda woyera pamkono. Akatero amamuuza kuti wamasuka. Kumeneko ndiko kusudzula. Asanasudzulidwe sapita ku ukwati, savina, savala china chilichonse chamawanga. Amama anaimba kwaya kutchalitchi kuyambira ine ndisanabadwe, ndipo tsopano chaka chachiwiri chinali chitatha asanavale yunifolomu yawo.

Ine pakamwa panga sipachedwa. Atate ankati ndinabadwa nditaluma tsabola. Tili pakhonde, amama akutembenuza mbatata pambaula, ndinayamba kale kufunsa kuti abale a atate akudikira chiyani, kaya njira ya ku Kasisi anaiiwala, kaya akuganiza kuti amama ndi katundu woika m'nyumba n'kutsekera.

“Azabwera akapeza nthawi,” anatero amama. “Idya mbatata ikali yotentha.”

Ndinadya, koma mtima unali ukuwira. Ndinkawayang'ana m'manja, khungu litang'ambika ndi madzi ozizira a pachitsime, ndipo ndinkaona mkazi woponderezedwa amene akuopa kudandaula. Ndinadziuza kuti mwana wawo wabwera, ndipo zimenezi zitha tchuthi chisanathe.

Chakumadzulo ndinapita kukaona mnzanga amene tinakulira limodzi. Tinaphunzira kalasi imodzi pa sukulu ya mishoni, ine n'kupitiriza, iye n'kukwatiwa. Tsopano ali ndi ana anayi ndi thebulo la matimati pamsewu. Atandiona anayamba kuseka ndisanafike n'komwe.

“Ba bwana ba ku migodi,” anatero, akutsanzira moni wa kumigodiko. “Muli shani? Mwanenepa, kansi kuja mudya chani?”

Tinacheza za anzathu, amene anamwalira, amene anathawidwa ndi amuna, amene anagulitsa munda n'kugula galimoto imene tsopano nkhuku zikuikiramo mazira. Kenaka anatchula kuti mng'ono wake anakwatiwa chaka chatha, ndipo amama sanapite ku ukwati, anangotumiza nkhuku. Mwana amene amama anamuphunzitsa okha kuimba. Apo ndiye ndinapsa mtima kwenikweni, ndinayamba kutukwana banja lonse la kwa atate.

“Amai ako ni ochenjera, basiye,” anatero mnzanga uku akusanja matimati.

Mawu amenewo ndinawamva, koma analowera khutu ili n'kutulukira linalo. Pamsewu pamenepo ndi pamene foni imagwira bwino. Ndinaimbira atate aang'ono, mng'ono wawo wa atate, amene amakhala ku Lusaka ndipo amagulitsa zitsulo za magalimoto. Sindinawafunse n'komwe kuti adzuka bwanji. Ndinawauza kuti ndi zamanyazi, kuti akulu awo anawalera ndi kuwaphunzitsa koma iwo akulephera kukwera minibasi imodzi kudzamasula mkazi wamasiye, kuti ngati akufuna kapolo akagule kwina. Ndinalankhula mpaka anthu odikira basi anatembenuka.

Ndinkayembekeza kuti akalipa, koma mawu awo anatuluka ofewa.

“Mwana wanga, wakamba zoona,” anatero. “Ise sitinakanepo. Mande ni holide, nizabwera na ba aunty bako, tisilize vonse.”

Ndinabwerera kunyumba ndikuyenda modzimva. Amama ndinawapeza akutsekera nkhuku m'khola, ndipo ndinawauza nkhaniyo monga munthu wobweretsa mphatso. Anatseka kachitseko ka khola, anaika mwala, kenaka anakhala pansi pomwepo, pafumbi.

“Waitana ndani?”

“Atate aang'ono. Abwera Lolemba na atate aakazi.”

Amama sanakalipe, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa.

“Uganiza ni iwo anichedwetsa?” anatero. “Ni ine. Abwera pano katatu. Koyamba ninati nadwala. Kachiwiri ninati nikali kukolola. Kachitatu ninawaona ali kumsewu, ninathawira kutchalitchi mpaka anapita.”

Ndiye anandiuza mbali ya mwambo imene ine, ndi sukulu yanga yonse, ndinkaidziwa theka. Mkazi amene anachita kutengedwa kupita kwa mwamuna, akasudzulidwa sakhalanso wa pamenepo. Amamanga katundu wake n'kubwerera kwawo. Mawu oti wamasuka amatanthauza kuti njira ndi iyo. Koma akadali m'zakuda, ndi mkazi wa m'bale wawo, akulirabe mwamuna wake m'nyumba ya mwamuna wake, ndipo palibe munthu, ngakhale wouma mtima chotani, amene angamutulutse anthu akuona. Atate aang'ono anali atabwera kale ndi alendo awiri osiyana ofuna kugula malo, kuwayendetsa m'malire a munda kuyambira pamitengo ya mango mpaka kuchitsime.

“Kwathu kwake kuti?” anatero amama. “Amai anga anafa, alongo anga anafa. Kuja kwatsala manda chabe. Njerwa za nyumba iyi ninaumba na manja aya, nili na mimba yako.”

Ndinayamba za malamulo, kuti boma limateteza akazi amasiye, kuti kuli makhoti, kuti ndili ndi mnzanga amene mchimwene wake ndi loya.

“Pepala lili kuti?” anafunsa amama. “Malamulo yako yali ku Lusaka. Ine nili pano, na duku yanga.”

Ndinati ndiimbenso foni ndiwauze asabwere. Amama anapukusa mutu. Anati tsopano atate aang'ono apeza chimene ankachisowa zaka ziwiri: mwana wa malemu yemwe wadandaula, ndipo adzanena zimenezo pamaso pa anthu. Ndinathamangirabe kumsewu, ndinaimba kanayi, foni inkangolira osayankhidwa. Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire. Ndinabwera kudzapulumutsa amama, ndipo tsiku loyamba lomwe ndinawatsegulira chitseko anthu ofuna kuwathamangitsa.

Lamulungu tinapita ku Misa. M'tchalitchi munkazizira, anthu atafunda zitenje pamwamba pa majuzi. Amama anakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko, kwaya ikuimba kutsogolo nyimbo zimene iwo amazidziwa mawu onse. Milomo yawo inkayenda koma mawu osatuluka. Titatuluka sanafulumire kupita kunyumba. Anapatsa moni amayi a mumphakati wathu mmodzimmodzi, kuwafunsa za ana, za chimanga ngati atha kutonola, ndiponso ngati mawa adzakhala pakhomo kapena apita ku tauni. Ine ndinaima potero ndikuponda pansi ndi mkwiyo. Nyumba ikupita, iwo ali pa macheza a chimanga.

Tili m'njira ndinawauza zimene ndinakonza. Ndinati nditseka geti ndi unyolo, ndiima pamenepo, ndipo amene akufuna kulowa ayambe wandimenya. Ndinati ndiwauza atate aang'ono zonse zimene atate anawachitira, chimodzichimodzi.

“Mawa iwe ukhale chete,” anatero amama. “Pakamwa pako pagwira kale nchito.”

Lolemba anafika dzuwa litangoyamba kufunda. Galimoto inaima pansi pa mtengo wa mango. Anatsika atate aang'ono atavala jekete lachikopa, kenaka atate aakazi, mlongo wamkulu wa atate, nkhalamba yoyendera ndodo, atanyamula pulasitiki momwe munali chitenje chatsopano ndi kamkanda koyera. Panali munthu wachitatu, bambo wa nsapato zonyezimira amene sitinamudziwe ndipo sanatiuze kuti ndani. Iyeyo sanabwere kudzapereka moni. Anatsamira galimoto n'kumayang'ana munda, maso ake akuyenda kuchokera kumalire ena kupita kumalire ena.

Amama anawalandira ndi ulemu wonse. Anagwada popereka moni, anatulutsa mipando, kenaka anayala okha mphasa pakati pa bwalo n'kuikapo kambale ka ufa. Nditaona kambaleko ndinaganiza kuti agonja.

Atate aang'ono anakhosomola n'kuyamba. Anati akulu awo afunika kugona mumtendere. Anati banja lakhala likunenedwa kuti lasunga alamu awo ngati kapolo, ndipo mwana wa malemu yemwe waimba foni akulira. Sindinalire pa foni ija, ndinatukwana, koma iwo anati akulira. Anati lero alamu amasuka, ndipo banja silingawataye chabe, lidzapeza lole yowanyamulira katundu yense mpaka ku Katete, ngakhale malata akafuna.

Ndinalonjeza kukhala chete, koma lonjezolo linafera pa mawu oti lole.

“Azapita kuti?” ndinatero. “Nyumba iyi anamanga na atate. Imwe munali kuti pamene anali kukumba chitsime?”

“Iwe ndiwe unaniitana,” anatero atate aang'ono akumwetulira. “Manje wasintha? Ndipo mwana ni wa kwa mkazi. Ivi ni va banja yathu, iwe unkhale pansi umvele.”

Ndinayankha, anayankha, ndinakweza mawu, iwo anatsitsa awo. Mawu aliwonse amene ndinkaponya ankandionetsa ngati mwana wamwano wa m'tauni, iwo n'kumaoneka ngati munthu wamkulu woleza mtima. Ndinkagonja ndikuona.

“Khala chete,” anatero amama, ndipo anakhala pamphasa, miyendo atatambasula, manja pamiyendo.

Atate aakazi anadzuka movutikira, anasiya ndodo, anaima kumbuyo kwa amama. Zala zawo zinagwira mfundo ya duku. Pamenepo amama anakoka mpweya, anaika manja onse awiri pamutu pamwamba pa zala za nkhalambayo, ndipo anayamba kulira.

Sikunali kulira kwa misozi yotsika mwakachetechete. Kunali kulira maliro, kuja kumene kumayambira m'mimba n'kukamveka kutsidya kwa dambo. Ankaitana atate, mwamuna wanga ine, mwanisiyira ndani, mwamuna wanga ine. Nkhuku zinathawa pabwalo. Atate aang'ono anadzuka pampando, anati alamu, alamu, n'chiyani ichi, koma mawu awo sankamveka.

Kwathu kulira kotero kukamveka munthu safunsa kuti wafa ndani. Amasiya chimene wagwira, amamanga chitenje, amathamangira kumene kukuchokera, ndipo akafika pageti nayenso amayamba kulira. Zofunsa zimabwera pambuyo. Woyamba anali mayi wa nyumba yoyandikana nafe, manja ali ndi thovu la sopo. Kenaka awiri ochokera kumunsi kwa dimba, kenaka gulu lochokera mbali ya tchalitchi, onse aja amene amama anawapatsa moni dzulo lake, ndi ena ambiri amene sanawapatse. Mnzanga uja anasiya matimati ake pamsewu. Ankalowa akulira, n'kumakhala pansi mozungulira mphasa, mpaka atate aakazi anapezeka ali pakati pa akazi olira, opanda poponda.

Amuna nawo anayamba kufika, ena pa njinga, ena atanyamula timipando tawo. Anavula zipewa n'kukhala pansi pa mitengo ya mango monga amachitira pa maliro alionse. Wina anakoka chikuni n'kuyamba kusonkha moto. Pabwalo pathu panasanduka pasiwa dzuwa lisanafike pamutu.

Zala za atate aakazi zinachoka pa duku. Anadzigwetsa pamphasa pambali pa amama n'kuyamba kulira nawonso. Atate anali mlongo wawo wamng'ono, anawabereka kumbuyo ali khanda, ndipo analira powatchula dzina laubwana limene ine sindinalimvepo.

Mwamuna sakhala pakati pa akazi olira. Atate aang'ono anayenera kunyamula mpando wawo okha kupita nawo kumitengo ya mango. Ndinali pafupi, ndinamva zonse. Mkulu wina wa mumphakati, amene anagwira ntchito ndi atate pa famu, anawapatsa moni n'kufunsa motsitsa mawu kuti kwagwanji.

“Palibe wamwalira,” anatero atate aang'ono. “Tabwera chabe kuvula bamulamu vakuda.”

Mkuluyo anatembenuka, anayang'ana kumphasa, anayang'ananso atate aang'ono.

“Akulira chonchi?”

Amuna onse anangoyang'ana moto. Bambo wa nsapato zonyezimira uja anali atalowa kale m'galimoto n'kukweza galasi.

Ine ndinali chiimire pakati pa bwalo ngati mlendo. Kunena zoona, poyamba ndinafuna kuseka. Ndinakumbukira moni wa dzulo pa tchalitchi, ndipo ndinati mumtima, mayi uyu ndi woopsa, wawaphikira bwino. Ndinanyada. Ndinkaganiza kuti ndikuonera sewero, ndipo amama akulisewera mwaluso.

Mnzanga uja anandikoka siketi.

“Nkhala pansi ulile,” anatero. “Ni batate bako.”

Ndinakhala pansi, phewa langa likugunda la amama, ndipo pamenepo ndinayamba kumva mawu amene ankanena. Ankawauza atate kuti chingwe cha pachitsime chaduka kawiri ndipo mfundo yawo ija palibe amene amaidziwa. Ankawauza kuti kwazizira monga kunazizirira sabata imene anadwala. Ankati jekete lawo likadali pa msomali, ndipo m'mawa amapezeka atsuka makapu awiri. Ankawafunsa chifukwa chake anawachotsa kwawo ali mtsikana, n'kuwazoloweretsa malo ano, kenaka n'kuwasiya okha kuti azikangana ndi anthu. Thupi lawo lonse linkagwedezeka. Inde, anthu anawaitana dala. Koma kulirako sanachite kupeka, anali nako zaka ziwiri, akukusunga m'nyumba yopanda munthu, ine ndikuimba foni kufunsa za dimba.

Pa maliro a atate ine sindinalire. Ndinali pa bokosi, pa galimoto, pa chakudya cha anthu, kuthamanga uku ndi uku ndi foni kukhutu, ndipo nditabwerera ku ntchito ndinadziuza kuti ndine wolimba. Tsiku limenelo pamphasa ndinalira mpaka mamina, kulira kosakaniza ndi mkwiyo. Ndinakwiyira atate chifukwa chofa osasiya pepala, ndinakwiyira atate aang'ono, ndinadzikwiyira ndekha. Sindikudziwa kuti tinatha nthawi yaitali bwanji. Ndege zinkadutsa m'mwamba kupita kukatera ku bwalo la ndege lapafupi, ife osazimva.

Kulira kutayamba kutsika, atate aang'ono anabwera n'kuima patali pang'ono ndi mphasa, makiyi a galimoto ali m'manja. Nkhope yawo inali itauma.

“Tizabwela bakasiliza kulila,” anatero.

Ndinapukuta kumaso ndi chitenje cha mnzanga.

“Muzayambe mwatuma foni,” ndinatero, “mufunse ngati asiliza.”

Amama sananditsekenso pakamwa. Atate aakazi anatola ndodo yawo ndi pulasitiki yawo ija, chitenje chatsopano chili momwemo. Asananyamuke anawerama pa khutu la amama, koma ndinamva.

“Mulamu, ine nizabwera mukaniitana imwe. Wina aliyense akaniitana, miyendo yanga izakhala ikuwawa.”

Galimoto itapita, anthu sanabalalike nthawi yomweyo. Amene abwera pa maliro sabwerera pakamwa pouma, ngakhale maliro ake akhale a zaka ziwiri zapitazo. Tinawiritsa tiyi mumphika waukulu, tinaphika mbatata zonse zimene zinali m'nyumba. Amayi ena ankaseka chamumtima uku akuphimba pakamwa ndi chitenje, ena maso anali akadali ofiira. Palibe amene anafunsa amama kanthu. Mayi wa thovu la sopo uja pochoka anangoti, mukafuna kuliranso tili pafupi.

Dzuwa litapendeka amama anasamba kumaso, anamanganso duku bwinobwino, anatenga ndowa n'kutsikira ku dimba. Ndinawatsatira. Ndinatunga madzi, iwo akuthirira. Mawu awo anali atasasa.

“Amama, nalakwa ine,” ndinatero.

“Walakwa,” anatero. “Tunga ina.”

Ndinatunga. Kenaka ndinafunsa chimene chinkandivuta.

“Koma mpaka liti? Azabweranso. Muzakhala mu zakuda mpaka liti?”

Ndinati tiyeni ku Solwezi, nyumba yanga ili ndi chipinda chopanda munthu, madzi ndi a pampopi, tchalitchi chili pafupi ndipo kwaya yake ikusowa anthu odziwa nyimbo. Ndinati asiyireni malowa adye, Mulungu adzawaona. Ndinati muli ndi zaka zambiri kutsogolo, simungazithere mutavala ngati usiku chifukwa cha mitengo inayi ya mango ndi chitsime. Ndinkanena zochokera pansi pa mtima, ndipo mpaka lero ndimaona kuti sindinalakwitse kuwapempha.

Amama anathira madzi otsala pa mzere wotsiriza, anaika ndowa pansi, anawongola msana.

“Kwaya niifuna,” anatero. “Ukwati wa ana a anzanga niufuna. Usaganize kuti sinimva kuwawa. Koma ninabwera pano na kathumba kamodzi, ndipo zonse uona apa ni ine na atate ako. Sinizakwera lole ya munthu. Tsiku lamene nizachoka pano nizachoka chogona, ndipo tsiku limenelo uzanivula ndiwe, osati iwo.”

Lachiwiri ndinakwera minibasi kubwerera ku ntchito. Chichokereni tsiku limenelo sindidumphanso tchuthi cha mu Julaye, ndipo Khirisimasi ikakwana ndimapitanso. Ndayenda m'maofesi kufunafuna pepala la malo aja, nkhani yake ikuyenda pang'onopang'ono ndipo sindikudziwa ngati idzatha amama ali moyo. Mipanda ya mabuloko tsopano yafika mbali ziwiri za munda wathu. Atate aang'ono sanaimbepo foni, koma ndimamva kuti amafunsa kwa anthu ngati alamu awo akadali m'zakuda, ndipo anthu amawayankha kuti akadali.

Zovala zimenezo ndimadana nazo mpaka lero. Ndikawaona amama atakhala kumbuyo kwa tchalitchi mtima umandipweteka, ndipo nthawi zina ndimafuna kungolikwatula duku lija n'kuliponya m'chitsime. Koma nsalu yakuda sichedwa kutuwa ndi dzuwa la ku dimba, ndipo ikatha amene amagula ina ndine. Ndikalowa m'sitolo n'kuloza mpukutu wakuda, mayi wogulitsa amatsitsa mawu n'kunena kuti pepani ndi zovuta. Ndimayankha kuti zikomo. Kenaka ndimamuuza kuti andidulire yokhuthala, yoti ikhalitse.